Mlendo pa Pulinta ya Malemu

Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala, zipinda ziwiri zogundana, ndipo fungo la labala linkakwera masitepe limodzi ndi makasitomala. Ntchito yake inali yojambula mapulani a nyumba. Mayi amene ankaiyendetsa anaiyambitsa ndi mwamuna wake, ndipo mwamunayo atamwalira makontirakitala sanasiye kubwera, moti dzina limene ankamutchula mocheza linakhazikika: Mayi Mapulani. Iye sankajambula. Ankalandira anthu, kumva zofuna zawo, kuthamanga ndi mapepala kumaofesi ovomereza zomangamanga, ndi kusindikiza.

Wojambula anali a Pensulo, bambo wamtali wa imvi m'mbali, amene ankayenda ndi pensulo kukhutu ngakhale kuti ntchito yonse ankaigwirira pa kompyuta. Anayamba ntchito ofesiyo isanakhale n'komwe ndi makatani. Malemu akudwala, ndi iwo ankawanyamula pa masitepe.

Pakona ya chipinda chachikulu panali pulinta ya mapulani, yaitali ngati benchi, yodya pepala la mpukutu. Inalumikizidwa ndi waya ku kompyuta ya malemu, yakale, ya Windows. A Pensulo ankajambulira pa kompyuta ina, ya Mac. Akamaliza pulani ankaiika pa fulashi n'kupatsa Mayi Mapulani, iye n'kutsegula kompyuta ya malemu ndi pasiwedi imene ankaidziwa yekha, n'kusindikiza. Motero panalibe pepala limene linkatsika masitepe iye asanalione.

Zinthu zinasintha pamene mlamu wake anabwera. Anali mng'ono wa malemu, injiniya wowerengera zitsulo za m'zipilala ndi m'makhonkiriti, ndipo ntchito imene ankagwira kutali inali itatha. Apongozi anaimba foni. «Mwana wanga, ukuvutika wekha. Mng'ono wake ali pano akungokhala. Akuthandize.» Mawu ake anali ofewa, koma sanali funso.

Mlamuyo anafika ndi laputopu yokandikakandika ya Linux ndi kumwetulira kwa mkulu wake. Kumwetulirako ndi kumene kunkamuvuta Mayi Mapulani. Ankamutchula kuti bambo aang'ono, monga ankamutchulira mwana wake wamkazi, ndipo anamupatsa desiki ya pafupi ndi khomo.

Pasanapite nthawi mlamuyo anaima pa desiki yake, fulashi ili m'manja.

«Alamu, zoyenda ndi kafulashi izi n'zotopetsa. Tonse tili pa waifai imodzi. Pulintayi ingathe kumamvera tonsefe.»

«Yanu ndi ina, ya a Pensulo ndi ina, ya malemu ndi inanso. Zimvana bwanji?»

«Zinenero zake n'zosiyana, inde, koma pali njira imene zonse zimaidziwa. Ya achimwene izingolandira n'kupereka ku pulinta. Basi.»

«Ndiye mukufuna pasiwedi.»

«Ayi, lembani nokha. Ine nditembenukira kukhoma.»

Anatembenukiradi kukhoma, manja m'matumba, akuimba kamluzu. Mayi Mapulani analemba ataphimba kiyibodi ndi dzanja lamanzere, kenako anaima kumbuyo kwake n'kumaonerera chilichonse chimene ankadina, ngakhale sankamvetsa n'chimodzi chomwe.

Ulendo woyamba pulinta inalavula pepala lalitali lodzaza ndi tizilembo tonga mapazi a nkhuku, mpaka mlamuyo anathamangira kukaizimitsa.

«Chinenero cha kwanu chimenecho, injiniya?» anafunsa a Pensulo, akuseka.

«Ndasankha womasulira wolakwika,» anayankha mlamuyo. «Kompyuta iliyonse imafuna kapulogalamu kake komasulira pulani kuti pulinta imve. Ndipatseni mpata.»

M'mawa mwake zonse zinkayenda. Munthu ankangodina ali pa mpando wake, pulinta n'kudzuka pakona. Vuto linali limodzi: kompyuta ya malemu inali yokalamba, inkalandira pepala limodzilimodzi, ndipo otsalawo ankadikira pa mzere mu kompyuta ya amene watumiza. Mlamuyo anati zimenezo n'zopirira. Makontirakitala anasiya kudikira nthawi yaitali pa benchi. Fulashi inalowa m'dirowa.

Masana ena mlamuyo atapita kukaona maziko a nyumba ina, a Pensulo anakokera mpando wawo pafupi.

«Madamu, ine za makompyuta sindidziwa zambiri. Ndimangojambula. Koma ngati laputopu yake ija ikutha kulankhula ndi kompyuta ya malemu, mukudziwa bwanji kuti zimakambirana za pulinta zokha?»

«Akuti anatsegula njira ya pulinta yokha.»

«Akuti.» A Pensulo anachotsa pensulo kukhutu n'kuyang'ana nsonga yake. «Makasitomala onse a abwana ali mmenemo. Ine ndangonena, ndisadzaoneke ngati ndinakhala chete.»

Kuchokera tsiku limenelo maso a Mayi Mapulani anasiya kupuma. Mlamuyo akamwetulira pa sikirini yake, iye ankafuna kudziwa chimene chikusekedwa. Foni yake ikalira n'kukayankhira pa masitepe, iye ankasiya kulemba kuti amvetsere. Kagetsi ka kompyuta ya malemu kakaphethira popanda woikhudza, ankatembenuka msanga ngati wamva mapazi m'chipinda chogona.

Kenako anaona mpukutu. Pepala ankagula yekha, ndipo ankadziwa ndi dzanja kuti mpukutu umaonda bwanji pa ntchito ya sabata. Tsopano unkaonda msanga. Anadontheza kadontho ka inki m'mphepete mwake asanapite kukatenga mwana kusukulu masana. Pobwerako kadonthoko kanalibe, ndipo pa tebulo panalibe pulani yatsopano.

Anatsegula kompyuta ya malemu n'kuyang'ana pamene imaonetsa zosindikizidwa. Zimene anatumiza yekha zinali ndi dzina la malemu. Zina zonse zinali ndi dzina limodzi: mlendo.

«Bambo aang'ono, mlendo uyu ndani?»

«Ndife tonse awiri, ine ndi a Pensulo. Makompyuta athu amalowa opanda dzina, ndiye iyo imangoti mlendo.»

«Choncho sindingadziwe amene watumiza.»

«Mmene zililimu, ayi. Ndingakonze kuti aliyense azilowa ndi dzina lake. Koma ndifunika kukhala pa kompyuta ya achimwene kwa kanthawi ndithu.»

Anamuyang'ana. Nkhope yake inali yosalakwa kwambiri, yosalakwa mopitirira muyeso. Choyamba atsegule khomo lopanda dzina, kenako apemphe kukhala pa mpando wa malemu kuti alitseke. Mayi Mapulani anaona ngati waigwira nkhani yonse.

«Zisiyeni mmene zilili,» anatero.

Mlamuyo anakweza mapewa, koma pobwerera ku desiki yake anamuyang'ana kawiri, ndipo kuyang'ana kwachiwiriko kunalibe kumwetulira.

Nkhani yeniyeni inabwera ndi kapitawo wina wa zomangamanga, munthu wa mimba ndi mawu aakulu, amene anagwira ntchito ndi malemu zaka zambiri. Anakumana naye pansi, pakati pa milu ya matayala.

«Mayi Mapulani, mwasintha dzina la kampani osatiuza?»

«Dzina liti?»

«Kuchipatala cha mano chimene akumanga kuseri kwa msika. Pulani yake ndi yanu ija, ndaizindikira. Koma pakona pali dzina lina.»

Dokotala wa manoyo ankamudziwa. Anabwera ku ofesi miyezi yapitayo, anakambirana zipinda, kenako anaimba foni kuti waimitsa kaye zomanga. Womaliza kukumana naye anali mlamu wake, pa nkhani ya dothi la pamalopo.

Anapita masana omwewo. Maziko anali atakumbidwa kale, zitsulo zitaima. Amisiri anali atayala pulani pa bolodi, ataitsindika ndi njerwa, ndipo palibe anamuletsa kuyang'ana. Pakona panali dzina la kampani imene sanaimvepo. Koma m'mbali ya kumanzere, kuchokera pamwamba mpaka pansi, munali kamzere koyera kopyapyala pamene inki imadumpha. Pulinta yake yokha ndiyo inkachita zimenezo. Malemu ankati adzaikonza, koma sanaikonze.

Anamuimbira dokotalayo ali pomwepo.

«Adokotala, ndimayesa munaimitsa zomanga.»

«Mayi, ine ndinauzidwa kuti ofesi yanu ikutsekedwa, ndipo ntchito zikusamukira ku kampani yatsopano.»

«Anakuuzani ndani?»

«Wa kwanu komweko.»

«Uti?»

«Za m'nyumba mwanu musandilowetsemo, chonde. Ndili ndi wodwala pa mpando.»

Wa kwanu komweko. Anabwerera wapansi, mawuwo akumuzungulira m'mutu. Pa msewu foni inalira, apongozi. Ankafunsa za mdzukulu, za chifuwa chake, kenako anati, «Nanga mng'ono wake akugwira bwino? Usamamubisire zinthu, mwana wanga. Ndi magazi amodzi.» Mayi Mapulani anati zonse zili bwino, mawu ake osalala ngati sopo.

Sanauze munthu. Anayamba kuzimitsa kompyuta ya malemu akamapita kusukulu. Tsiku lachiwiri mlamuyo anadandaula.

«Alamu, mukaizimitsa iyi, tonse timakhala opanda pulinta. Kontirakitala anadikira mpaka anapita.»

«Ndinaiwala.»

«Dzulonso munaiwala?»

«Ukalamba, bambo aang'ono.»

A Pensulo anatsokomola kumbuyo kwa sikirini yawo. Pambuyo pake, akutsuka kapu pa sinki, ananong'ona kuti, «Mwachita bwino, madamu. Mwaona mmene zamupwetekera?»

Koma kuzimitsa kunkangotseka dzenje, mbewa osaiona. Choncho sabata yotsatira anapempha mchemwali wake kuti akamutengere mwana. Nthawi itakwana anatenga chikwama monga mwa masiku onse, anatsanzika, n'kusiya kompyuta ili yoyaka. Mlamuyo anali atatuluka kale, akuti kukadya, laputopu ili m'khwapa. Iye anatsika, anazungulira kuseri, n'kukhala pa tayala lalikulu m'sitolo ya pansi. Mwini sitolo anamuyang'ana, anatsegula pakamwa, kenako anaganiza zopitiriza ntchito yake.

Sanadikire kwambiri. Kudzera mu denga anamva phokoso limene ankalidziwa ngati kupuma kwa mwana wake: mutu wa pulinta ukupita uku ndi uku. Anavula nsapato n'kukwera masitepe.

Pulinta inali pakati pa pepala. Mapepala ena awiri anali kale m'dengu lake. A Pensulo anali pa desiki yawo, buledi ali m'manja, ndipo pa sikirini yawo panali nyumba ya kasitomala wodziwika, ntchito ya tsikulo. Atamuona anasiya kutafuna.

«Madamu, mwabwerera?»

Iye anapita pa pulinta. Anatola pepala limodzi. Inali nyumba yosanja imene sanaionepo, ndipo pakona panali dzina la kampani ija.

«Yangoyamba yokha,» anatero a Pensulo. «Ine ndili pano ndikudya. Ndimati ndikuimbireni.» Analoza ndi buledi ku zenera la kumbuyo kwawo. «Taonani pansipo.»

Anapita pa zenera. Pamalo oimika magalimoto, pansi penipeni pa ofesi, pamene waifai inkafika bwinobwino, panali galimoto ya mlamu wake, chitseko chili chotsegula. Mlamuyo anali atakhala chammbali, miyendo panja, laputopu pa maondo, maso ali pa sikirini.

Anafuna kutsika kuti akamuuze pamaso pa anthu ogula matayala. Koma anangotulutsa foni ataima pomwepo, kumbuyo kwa mpando wa a Pensulo.

«Bambo aang'ono, yang'anani kumwamba.»

Mlamuyo anakweza mutu, foni kukhutu. Anamuona.

«Ndiye kudya kwanu kumeneko?»

«Alamu, muli mu ofesi?» Mawu ake anali odabwa kwenikweni. «Simunapite kusukulu?»

«Ndakugwirani. Mchimwene wanu sanakwanitse n'chaka chomwe m'manda.»

«Dikirani. Si ine ndikutumiza.»

«Laputopu ili pa maondo panu.»

«Ndikuyang'ana amene akutumiza. Kompyuta iliyonse ili ndi nambala yake pa netiweki. Ndingakuonetseni.»

«Manambala anu mungandionetse alionse amene mukufuna. Ndingadziwe chiyani ine?»

Pansipo anamuona akupukuta nkhope ndi chikhatho. Kenako anatseka laputopu, anatuluka m'galimoto, anaiika padenga la galimotoyo, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pa mpanda.

«Mwaona? Yatsekedwa, sindikuikhudza. Pulinta ikuyendabe?»

Inkayendabe. Pepala linali pafupi kutha.

«Kuseri kwa kompyuta ya achimwene kuli waya wabuluu. Umenewo ndi wa netiweki. Uzuleni. Pepala limene lili mkati limaliza, koma otsalawo adzasowa njira. Kompyuta imene yawasunga pa mzere idzadandaula yokha. Inu muzingoyang'ana.»

Kompyuta ya malemu inali pafupi, pa desiki yoyandikana. Anaweramira kuseri kwake osachotsa maso pa manja a a Pensulo, ngakhale iye mwini sankadziwa chifukwa chake ankawayang'ana. Dzanja limodzi linali ndi buledi. Linalo linali pa tebulo, pafupi ndi mausi.

Anazula wayayo.

Pulinta inamaliza pepala, inalidula, n'kuligwetsera m'dengu. Mu ofesi munangoti zii. Pansi wina ankapopa tayala.

«Madamu, mnyamatayu ndi wochenjera. Angathe kuchititsa kompyuta iliyonse...»

Pansi pa sikirini yawo, kachithunzi ka pulinta kanayamba kudumphadumpha, kali ndi kachizindikiro kochenjeza.

«Tsegulani,» anatero Mayi Mapulani.

Sanasunthe. Iye anatambasula dzanja pamwamba pa phewa lawo n'kudina. Panatseguka kabokosi konena kuti pulinta sikupezeka, ndipo m'munsi mwake mapepala otsala a nyumba yosanja ija anali atandandalika, akudikira.

A Pensulo anaika buledi pa mbale mosamala. Anachotsa magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

«Kuyambira liti?» anafunsa iye.

«Chichokereni fulashi.»

«Ndipo dokotala munamuuza kuti tikutseka.»

«Ofesi ino inapita ndi mwini wake, madamu. Inu mukuigwira ndi mano, ndikuona, koma abale ake aitenga. Mnyamatayu akadzakhala pa mpando, adzabwera ndi anzake a laputopu. Ine ndi imvi zangazi ndidzapita kuti? Ndinangoti ndiyambe kudzikonzera.»

«Ndi pepala langa, ndi inki yanga, ndi makasitomala a mwamuna wanga.»

«Pulinta yotere ndilibe.»

«Ndipo tsiku ndi tsiku munkandiuza kuti ndimuope iyeyo.»

A Pensulo anabwezera magalasi. Kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana m'maso. «Pamenepo sindinaname. Mumufunse chimene amakhalira m'galimoto.»

Anawauza kuti atenge jekete ndi kapu yawo. Mac inali ya ofesi, inatsala. Pa masitepe anadutsana ndi mlamuyo, ndipo palibe anapereka moni.

Mlamuyo analowa, anayang'ana sikirini, anayang'ana mapepala m'dengu, n'kukhala pa benchi ya makasitomala. Mayi Mapulani anavala nsapato zake pang'onopang'ono.

«Ndakunenani mawu oipa,» anatero. «Pepani.»

«Zatha, alamu.»

«Koma mwakhala m'galimoto masiku angati?»

Anayang'ana pansi. «Angapo. Masiku amene munkazimitsa aja ndinkangokhala pachabe.»

«Munadziwa bwanji kuti pali vuto?»

«Mpukutu ndinauona inenso. Ndipo dokotala anasiya kuyankha foni yanga.»

«Osandiuza bwanji?»

Anazengereza, kenako analankhula msangamsanga, ngati wozula dzino. «Ndinkaganiza kuti ndi inu. Munakana kuti aliyense akhale ndi dzina. Munayamba kuzimitsa kompyuta. Ndinkati mwina mukusamutsira ntchito ku dzina lina, kuti ofesi ya achimwene itsale chigoba. Lero nditaona kuti mwaisiya yoyaka, ndinkayembekezera kuona nambala ya foni yanu.»

«Maganizo amenewo ndi anu, kapena a amayi?»



«Amayi anangoti ndizitsegula maso,» anatero pomaliza. «Za mdzukulu wawo, kuti asadzasowe kanthu.»

«Mdzukulu wawo ndi mwana wanga.»

«Ndikudziwa, alamu.»

Masana omwewo anakonza za maina. Mayi Mapulani analemba pasiwedi yekha, mlamuyo atayang'ana kumbali, kenako anakokera mpando pafupi naye. Ulendo uno sanangoonerera. Pa chilichonse ankafunsa kuti ichi chikutsegula chiyani, ichi chikutseka chiyani, ndipo ankamuuza kuti abwereze mpaka iye atamva. Zinatenga nthawi yaitali kuposa mmene zikanatengera. Mlamuyo sanadandaule, ngakhale kamodzi anapumira m'mwamba.

A Pensulo anapita ndi makasitomala ena. Ena anabwerera atamva kwa kapitawo uja, amene anaifalitsa nkhaniyo pamalo onse omanga, n'kumaithira mchere wake. Ntchito inaunjikana, wojambula palibe. Mlamuyo anayesa kujambula yekha, koma nyumba zake zinkatuluka zolimba ngati milatho, mazenera ang'onoang'ono, ndipo mayi wina anafunsa ngati akumumangira ndende.

«Pali mnzanga wina,» anatero m'mawa wina. «Tinaphunzira limodzi. Amajambula bwino kwambiri, ndipo angayambe mawa.»

«Tilengeza kuti tikufuna wojambula, bambo aang'ono. Mnzanuyo alembe kalata ngati ena onse.»

«Koma ntchito ikudikira.»

«Idikire. Ofunsa mafunso tidzakhala awiri, koma wosankha ndine.»

Mlamuyo anangogwedeza mutu n'kubwerera ku zitsulo zake. Iye anatenga foni n'kutulukira pa masitepe, n'kutseka chitseko. Anaimbira apongozi, anawafunsa za miyendo yawo, anawauza kuti chifuwa cha mdzukulu chatha. Kenako anati Loweruka abwera yekha kudzacheza, ndipo ngati pali chimene akufuna kudziwa za ofesi, adzamufunse iye mwini pamaso.